Mafilimu ojambulidwa usiku ku Twickenham sanali zinyalala

Kuno ku Britain, pakangobuka mkangano woti boma likakamize makampani akuluakulu a kanema, a Netflix ndi anzawo, kuti aziika ndalama m'mafilimu a m'dziko muno, sipalephera kudzuka wina wokumbutsa anthu za m'ma 1930. Mayiko a European Union anagwirizana mu 2018 kuti pa mafilimu 100 alionse amene makampaniwa aika pa intaneti, 30 azikhala a ku Ulaya, ndipo kuchokera pamenepo nkhaniyi imangoti ikazilala n'kuyakanso. Otsutsa amati zoterezi zinayesedwa kale, ndipo chimene chinatulukamo ndi mulu wa timafilimu totchipa, tojambulidwa mothamanga, tambiri tongotengedwa ku zisudzo za pa nsanja, timene Angerezi anatipatsa dzina lachipongwe lakuti quota quickies, kutanthauza mafilimu ophikidwa msangamsanga pofuna kungokwanitsa chiwerengero cha lamulo. Ine maganizo amenewa ndikuwakana. Ndaonera mafilimuwa angapo, ambiri m'mawa ndikaweruka kuntchito ya usiku, pa Talking Pictures TV, tchanelo cha mafilimu akale, kapena pa YouTube, ndipo ndikuti anthu amene anawapanga anachita zanzeru potenga masewero okhalapo kale, komanso kuti popanda iwo sikukanakhala mafilimu otchuka a Britain a m'ma 1940 amene onyozawo amawatamanda. Pali zolakwika zenizeni zimene ndizivomereza m'munsimu, koma mwini wake wa zolakwikazo ndi amene ankagwira thumba la ndalama, osati sewero.

Tiyambe ndi mmene zinthu zinalili. Pofika 1926, pa mafilimu 100 alionse oonetsedwa m'maholo a kanema ku Britain, a m'dzikomo ankangokhala ngati asanu. Ena onsewo, pafupifupi, anali a ku Hollywood. Makampani a ku America anali ndi kachitidwe kamene aliyense wogula pamsika angakazindikire: mwini holo akafuna filimu imodzi yotchuka, ankamuuza kuti atenge mtolo wonse, zina zake asanazione n'komwe, zina zisanajambulidwe. Masabata onse a chaka ankadzaza motero, ndipo wopanga filimu wa ku London ankasowa poionetsera m'dziko lake lomwe. Ndiye mu 1927 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Cinematograph Films Act, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 1928. Linachepetsa mphamvu ya malonda a mtolowo, ndipo linalamula kuti ogawa mafilimu azikhala ndi 7.5 peresenti ya mafilimu a ku Britain, eni maholo 5 peresenti, ndipo chiwerengerochi chizikwera mpaka kufika 20 peresenti pofika 1936. Chimene opanga lamulo anaiwala n'chakuti sananene kanthu za ubwino wa filimuyo kapena ndalama zoti iwonongedwe poipanga.

Apa m'pamene makampani a ku America anaonera mpata. Iwo sankafuna kulera mpikisano m'nyumba mwawo, choncho ankapita kwa opanga mafilimu ang'onoang'ono n'kuwapatsa mtengo wokhazikika, kawirikawiri paundi imodzi pa phazi lililonse la filimu, kutanthauza masentimita pafupifupi 30. Tangoganizani, nkhani kugulidwa ngati nsalu ya pa mita. Filimu ya ola limodzi ndi mphindi zochepa inkatalika mapazi ngati 6,000, choncho wopangayo ankalandira mapaundi ngati 6,000, ndipo phindu lake linali chilichonse chimene wapulumutsa pa ndalamazo. Kaya filimuyo ikondedwe kaya ikanidwe, iye zake zinali zomwezo. Warner Bros inatenga situdiyo ya ku Teddington, Fox inali ku Wembley, ndipo ku Twickenham (onsewa ndi madera a kumphepete kwa London) munthu wina wotchedwa Julius Hagen anapeza njira yoti makamera asagone: masana ankajambula filimu ina, usiku ina, m'chipinda chomwecho. Ntchito yonse inkatha m'masabata awiri, nthawi zina osakwana.

Tsono dandaulo loyamba la otsutsa, limenenso ndi lolemera kuposa onse, n'lakuti mafilimuwa si kanema weniweni koma zisudzo zongoikidwa patsogolo pa kamera. Ndipo kunena zoona, mukaonera atatu motsatizana muyamba kuzolowera chipinda chimodzimodzi: pabalaza pa nyumba ya munthu wolemera, chitseko chachikulu chagalasi chotulukira kumunda, telefoni pa katebulo, wantchito wovala jekete yakuda akulowa ndi thireyi, ndipo anthu anayi ataima mondandana akulankhulana ngati akudikira basi. Wina akaphedwa, amaphedwa magetsi atazima, ndipo wapolisi amabwera kudzafunsa mafunso m'chipinda chomwecho. Otsutsa amati kanema amayenera kuyenda, kutuluka panja, kufotokoza nkhani ndi maso. Sindikutsutsa kuti kanema wabwino amatero. Chimene ndikufunsa n'chakuti munthu wa mapaundi 6,000 ndi masiku khumi ndi awiri, m'chaka cha 1931, akanachita chiyani china. Kumbukirani kuti lamuloli linafika nthawi imodzi ndi kubwera kwa mafilimu olankhula. Mayikolofoni a nthawiyo ankatola phokoso lililonse, moti poyamba kamera inkatsekeredwa m'kabokosi kuti kulira kwake kusamveke, ndipo wosewera amene akulankhula ankayenera kuima pafupi ndi pamene mayikolofoni yabisidwa. Mwadzidzidzi panafunika anthu odziwa kulemba zokambirana ndi anthu odziwa kuzilankhula, ndipo anthu otero anali kale m'mabwalo a zisudzo a ku West End, pakati pa London, ulendo waufupi kuchokera kumasitudiyo. Sewero linkabwera ndi zonse zokonzeka: mawu olembedwa, anthu ochepa, zipinda ziwiri kapena zitatu, ndiponso umboni woti anthu analipirapo kale kuti alionere, anaseka apa, anakhala chete apo. Mayi amene ali ndi ufa wochepa sayesa maphikidwe achilendo pa tsiku la alendo. Ngakhale Alfred Hitchcock, amene palibe angamunene kuti sankadziwa kamera, filimu yake yoyamba yolankhula, Blackmail ya 1929, anaitenga ku sewero la Charles Bennett, ndipo zingapo zotsatira anazitenganso ku zisudzo. Hercule Poirot, wapolisi wofufuza wa m'nkhani za Agatha Christie, anaonekera koyamba pa kanema mu Alibi ya 1931 ku Twickenham komweko, ndipo anadzera pa nsanja, chifukwa filimuyo inatengedwa ku sewero la Michael Morton.

Kuwonjezera apo, pali chinthu chimene kamera yoima malo amodziyo inatisungira, chimene kanema wothamanga akanachitaya. Ndikunena za Tod Slaughter. Bamboyu anakhala zaka zambiri akuyenda ndi masewero akale a nthawi ya Mfumukazi Victoria, a chigawenga choseka mokweza ndi namwali wosalakwa, amene anthu wamba ankawakonda n'kumakuwiza chigawengacho ali m'mipando. Anayamba kujambulidwa ali ndi zaka pafupifupi 50, mu Maria Marten ya 1935, nkhani yochokera pa mlandu weniweni wa mtsikana amene anaphedwa mu 1827 m'mudzi wa Polstead ku Suffolk. Filimuyo siibisa n'komwe kumene yachokera: imayamba ndi munthu ataima pa nsanja akuitana ochita sewero mmodzimmodzi kuti anthu awaone. Chaka chotsatira George King anamujambula mu Sweeney Todd, nkhani ya wometa tsitsi wa mu Fleet Street amene mpando wake unkagudubuzira makasitomala m'chipinda chapansi. Ndinaionera tsiku lina cha m'ma 8 koloko m'mawa, tiyi ali m'manja, maso akulemera ndi tulo, ndipo tulo tonse tinathawa. Slaughter akunola lumo pa lamba, akusisita khosi la kasitomala ngati akulikonda, diso limodzi likuyang'ana chikwama cha munthuyo, kenaka kuseka kuja kochokera pansi pa mimba. Amasewera mokokomeza, inde, monga munthu wofuna kuti wa mpando wakumbuyo kwenikweni amve. Aliyense amene anakulira pa zisudzo za m'holo ya sukulu kwathu, pamene woipa amalowa anthu n'kuyamba kumukuwa asanatsegule pakamwa, angamudziwe Slaughter nthawi yomweyo. Kaseweredwe kameneko kanatha m'mabwalo a ku Britain. Katsala m'mafilimu otchipawa, chifukwa kampani yolemera sikanataya ndalama pa chinthu chimene ophunzira a ku London ankachiona ngati chachikale.

Dandaulo lachiwiri n'lakuti mafilimuwa anali oipa moti palibe ankawafuna, ndipo anaipitsa dzina la filimu ya ku Britain kwa zaka zambiri. Pali nkhani imene imabwerezedwa kawirikawiri, yoti maholo ena akuluakulu a mu London ankawaonetsa m'mamawa, muli osesa okhaokha, pongofuna kuti m'kaundula mulembedwe kuti lamulo latsatidwa. Ndikuvomereza kuti ambiri anali ofooka. Ndaonerapo ina imene wosewera anapunthwa mawu koma osabwereza, chifukwa kubwereza kunali kudya phindu. Komabe pali mafunso awiri amene onyoza sawayankha. Loyamba: ndani ankaweruza? Mbiri ya mafilimuwa inalembedwa makamaka ndi olemba ndemanga a mu London, amene ankawayerekeza ndi zodula za ku Hollywood kapena zaluso za ku Germany ndi ku Russia. Koma holo ya m'tauni ya migodi kumpoto inkaonetsa mafilimu awiri pa tikiti imodzi, ndipo yoyambayo inali imeneyi, ya anthu olankhula ngati a m'dziko lako, yotchula misewu imene ukuidziwa. Tod Slaughter sakanapitiriza kujambulidwa chaka ndi chaka mpaka 1940 akanakhala kuti amaonedwa ndi osesa okha. Funso lachiwiri: mwa amene akuweruza lero, ndi angati anawaona? Gawo lalikulu la mafilimuwa linatayika. Ankajambulidwa pa filimu ya nitrate, imene imayaka moto mosavuta ndiponso imawola ikakhalitsa, ndipo palibe ankaona chifukwa chosungira chinthu chimene chagwira kale ntchito yake ya lamulo. Alibi ija palibe akudziwa kumene ili. Mu 2010 British Film Institute, bungwe losunga mafilimu a ku Britain, inatulutsa mndandanda wa mafilimu 75 otayika amene ikuwasakasaka kwambiri, ndipo ena mwa iwo ndi a gulu lomweli. Choncho chigamulo chimene chimabwerezedwa ndi cha akandimverere, aja ananena za m'maluwa.

Ndiye pali ena amene amavomereza kuti anthu aluso anadutsamo, koma amati waluso ndi waluso basi, akanatulukira ndithu ngakhale popanda timafilimu timeneti. Maganizo amenewa amamveka bwino kwa munthu amene sanaphunzirepo ntchito ya manja. Mmisiri wa matabwa sayamba ndi kabati ya galasi. Amayamba ndi mabenchi, ambirimbiri, ena opendekeka, ndipo pamafunika wina woti azimugula mabenchiwo kuti mawa apezenso thabwa. Michael Powell, amene mu 1948 anapanga The Red Shoes pamodzi ndi Emeric Pressburger, anatsogolera mafilimu 23 pakati pa 1931 ndi 1936, ambiri a mtundu womwewu. Ina mwa iwo, Lazybones ya 1935, yochokera ku sewero, inajambulidwa usiku ku Twickenham, osewera ake akuluakulu akubwera atamaliza kusewera pa nsanja mu London madzulo omwewo. David Lean, amene pambuyo pake anatsogolera filimu yotchuka ya Lawrence of Arabia, ankalumikiza zidutswa za mafilimuwa m'chipinda chodulira, ndipo m'menemo ndi mmene anaphunzirira kuti chithunzi chiduke pati. Vivien Leigh anali mu The Village Squire mu 1935, nayonso yochokera ku sewero, zaka zinayi asanatchuke dziko lonse ndi Gone with the Wind. James Mason anayambira ku Wembley chaka chomwecho, ndipo Errol Flynn anaonedwa mu filimu yotchipa ya ku Teddington asanatumizidwe ku Hollywood. Awa ndi mayina odziwika okha. Kumbuyo kwawo kunali ogwira kamera, oyatsa magetsi, otola mawu, opala matabwa a zipinda zonamizira, anthu mazanamazana amene ntchito yotere saiphunzira m'buku. Sukulu ya boma yophunzitsa za mafilimu inatsegulidwa mu 1971, ndipo chondiseketsa ine n'chakuti anaimanga ku Beaconsfield, m'situdiyo momwe kampani ya British Lion inkajambuliramo nkhani ndi masewero a mlembi Edgar Wallace m'masiku a lamulo lija. Pa zaka makumi anayi za m'mbuyomo, sukulu inali ntchito yeniyeniyo. Dziko limene mu 1926 silinafike pa mafilimu 40 linali kupanga pafupifupi 200 pachaka pofika 1936, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba anthu odziwa ntchito analipo.

Tsopano ndifike pamene otsutsa akunena zoona, chifukwa walira mvula walira matope. Sukulu imeneyi inali yankhanza. Anthu ankagwira ntchito usiku wonse pa malipiro ochepa, ndipo sizodabwitsa kuti bungwe la amisiri a mafilimu, Association of Cine-Technicians, linabadwa mu 1933, pakatikati pa nyengoyi. Ine amene ndimadziwa mmene thupi limamvekera cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, miyendo itauma, mutu ukulira, sindingaime pano n'kumakometsera za mtsikana amene wasewera pa nsanja mpaka 11 koloko usiku kenaka n'kukamwetulira kamera mpaka kucha. Hagen mwiniwakeyo, atayesa kusiya zotchipa n'kuyamba zodula, anagwa mu 1937 n'kutaya zonse. Ndikuvomerezanso kuti masewero ambiri a ku West End anali a dziko laling'ono kwambiri, la mabwana ndi madona, mmene wosauka amangolowa kudzaseketsa kapena kudzatsegula chitseko, ndipo munthu wakuda akaonekera n'komwe amakhala wantchito kapena choopsezera. Ife amene makolo athu anali pansi pa mbendera yomweyo ku Nyasaland nthawi imeneyo tili ndi chifukwa choonera zimenezi ndi diso lakuthwa. Koma matenda amenewa sanali a mafilimu otchipa okha. Sanders of the River ya 1935, imene Paul Robeson, wosewera wakuda wa ku America amene anaseweramo, anaikana ataona mmene anaisandutsira chotamanda utsamunda, inali filimu yodula ya kampani ya Alexander Korda. Ndalama zambiri sizinachiritse maso a anthu a nthawiyo, zinangowapatsa zovala zabwino.

Chotsala ndi mankhwala amene boma linapereka, chifukwa m'pamene pali phunziro la mkangano wa lero. Lamulo la 1927 linali ndi zibowo. Linkawerenga filimu ngati ya ku Britain ngakhale itajambulidwa kwina kulikonse mu ufumu wa Britain, choncho makampani ena anangowolokera ku Victoria m'dziko la Canada, kufupi ndi kwawo, n'kumajambula kumeneko, Rita Hayworth ali wamng'ono akuseweramo. Lamulo latsopano la 1938 linatseka chibowo chimenecho ndipo linati filimu iziwerengedwa pokhapokha ngati malipiro a antchito ake afika mapaundi 7,500. Mpaka apo zinali bwino. Koma linawonjezera kuti filimu yodula kwambiri iziwerengedwa ngati ziwiri kapena zitatu. Zotsatira zake, MGM inapanga zochepa zazikulu monga Goodbye, Mr. Chips ya 1939, zokongola ndithu, koma zolamulidwa ndi ndalama za ku America, pamene timasitudiyo tating'ono, timene tinali kale pamavuto chifukwa cha kugwa kwa malonda mu 1937, tinayamba kuzima magetsi. Khomo limene mnyamata wosadziwika ankalowera linachepa. Pachifukwa chimenechi, amene amatchula quota quickies pofuna kutseka pakamwa aliyense wopempha lamulo loteteza mafilimu a m'dziko akuwerenga mbiriyi mozondoka. Cholakwika sichinali kukakamiza maholo kuonetsa za kwawo. Chinali kulola kuti wogawa mafilimu, amene phindu lake linali m'katundu wochokera kunja, akhalenso woika mtengo wa katundu wa m'dziko, ndiponso kulipira wopanga filimu pa phazi m'malo momupatsa gawo la zimene anthu alipira pakhomo. Munthu amene sadzalandira kanthu filimu ikakondedwa alibe chifukwa chojambuliranso pamene wosewera wapunthwa mawu. Kuti ena mwa iwo ankabwerezabe, n'kumayesa kuika kamera pamalo achilendo pakati pa usiku pamene palibe bwana akuwaona, ndi chimene chimandichititsa kuwalemekeza.

Lamulo la chiwerengero linathetsedwa kotheratu mu 1985. Filimu yoyamba ya Powell, Two Crowded Hours ya 1931, ili pa mndandanda wa 75 uja, ndipo ngati yatsala penapake, mwina ili m'chitini chadzimbiri m'nyumba ya munthu amene sadziwa chimene agogo ake anamusiyira. Ndikanakonda kuiona ndisanamve wina akundiuzanso kuti inali yoipa.